Paul Ngozi, mnyamata wa ku Chibolya amene analiza gitala m'Chinyanja

Anthu a maiko akunja akamakamba za oyimba akale a ku Zambia, amayamba kutchula gulu la WITCH, kenaka la Amanaz, ndipo dzina la malemu Paul Ngozi limabwera pambuyo. Ife a kuno kumalire tisatengere mndandanda umenewo. Pa anyamata onse amene ankaliza magitala amagetsi m'dziko lija m'zaka za m'ma 1970, amene anayankhula kwambiri ndi anthu wamba, m'chinenero chimene ife a ku Chifunde timachimva popanda womasulira, anali Ngozi. Pa chifukwa chimenechi tsamba lino likumuika iyeyo patsogolo. Tikudziwa kuti alipo amene akana, koma ayambe amva mbiri yake.

Dzina lake lenileni linali Paul Dobson Nyirongo. Anabadwa m'chaka cha 1949, dziko la Zambia lidakatchedwa Northern Rhodesia, ndipo anakulira ku Chibolya, imodzi mwa makomboni akale a mumzinda wa Lusaka. Amene munakhalako ku Lusaka mukudziwa kuti Chibolya si malo amene munthu amadzitamandira nawo. Komboniyi ili pafupi ndithu ndi pakati pa tauni, cha ku msika wa Soweto, koma mbiri yake ndi ya umphawi, mowa ndi chamba. Mwana wokulira kumeneko anthu samuyembekezera zambiri.

Pamene Zambia inalandira ufulu mu 1964, Paul anali ndi zaka 15. Nthawi imeneyo mkuwa unkagulidwa pa mtengo wabwino, anthu a m'migodi anali ndi ndalama m'thumba, ndipo m'masitolo munkapezeka mbale za oyimba a ku England ndi ku America monga a Beatles, a Rolling Stones, James Brown ndi Jimi Hendrix. Anyamata a m'tauni anayamba kupanga timagulu totsanzira nyimbo zimenezi m'mabala ndi m'maholo. Paul anayamba ndi gulu lotchedwa Scorpions, kenaka analowa lina lotchedwa Three Years Before. Pambuyo pake anayimbako ndi gulu la Musi-O-Tunya, la Rikki Ililonga ndi anzake, limene linakakhala kwa nthawi ndithu ku Nairobi m'dziko la Kenya.

Dzina loti Ngozi linachokera pa machitidwe ake akakwera pa nsanja. Sankaima malo amodzi ngati woyimba kwaya. Gitala ankaliliza ngakhale ndi mano, monga ankachitira Hendrix, ndipo anthu oonerera ankaona kuti apa pali ngozi ndithu. Dzinalo linamukakamira mpaka la Nyirongo linatsala la pa mapepala okha.

Chaka chimene chinasintha moyo wake ndi 1975. M'chaka chimenecho Pulezidenti Kenneth Kaunda analamula kuti pa nyimbo 100 zilizonse zoulutsidwa pa wayilesi ya dziko, 95 zikhale za oyimba a ku Zambia konko. Lamulo lotere lili ndi zotsatira zake. Wayilesi siingaulutse nyimbo zimene palibe, choncho panafunika mbale zatsopano zambiri, ndiponso mwamsanga. Makampani monga Zambia Music Parlour ya a Edward Khuzwayo ku Ndola anayamba kufunafuna magulu oti awajambule, ndipo kampani ya Teal, ku Ndola komweko, inali ndi makina odindira mbale. Anyamata amene dzulo lake ankangobwereza nyimbo za azungu m'mabala anauzidwa kuti apeke zawozawo. A Kaunda mwina ankayembekezera nyimbo za ng'oma ndi kalimba. Zimene zinatuluka zambiri zinali za magitala olira ngati chigayo, zimene masiku ano zimatchedwa Zamrock.

Chaka chomwecho, pa 25 June, ndi pamene dziko lathu la Mozambique linalandira ufulu, patapita zaka zisanu ndi ziwiri nkhondo ikumenyedwa m'chigawo chino cha Tete. Akuluakulu akukumbukira kuti mwini wayilesi ya mabatire kuno ankaitchera ku Lusaka kapena ku Blantyre, popeza kumeneko ndiko kunkamveka chinenero chathu. Umu ndi mmene nyimbo za m'makomboni a ku Lusaka zinkawolokera malire a Chanida ndi Cassacatiza popanda chiphaso.

Paul anakhazikitsa gulu lakelake, Ngozi Family. Silinali gulu la chinamtindi cha anthu ngati magulu a rumba a ku Zaire. Kwenikweni anali amuna atatu: iye mwini pa gitala ndi kuyimba, Chrissy Zebby Tembo pa ng'oma, ndi woliza gitala lalikulu la besi, ntchito imene Tommy Mwale anaigwirako. Kuti anthu atatu amveke ngati khumi, Paul ankalumikiza gitala lake ku kabokosi kopondedwa ndi phazi kotchedwa fuzz, kamene kamasasitsa mawu a gitala kuti azituluka okhuthala ndi okanda m'khutu. Chimbale chawo cha Day of Judgement chinatuluka mu 1976, ndipo mu 1977 kunabwera 45,000 Volts, chimene anakajambulira ku Nairobi. Cha m'nyengo yomweyo anatulutsanso The Ghetto m'dzina lake yekha. Gulu lomweli ndi limene linaliza zida pa chimbale cha Tembo chotchedwa My Ancestors, pamene woyimba ng'oma uja anatenga mpando wotsogolera nyimbo.

Tsopano tifike pa mkangano. Amene amaika WITCH patsogolo ali ndi mfundo zawo, ndipo sitizinyoza. Gulu lija, ndi mtsogoleri wake Emmanuel Jagari Chanda, linkadzaza mabwalo, linkaliza zida mwaukhondo, ndipo chimbale chawo cha Lazy Bones cha 1975 n'chosalala kuposa chilichonse chimene Ngozi anajambula. Koma funsani kuti nyimbo za pa chimbale chimenecho zinayimbidwa m'chinenero chanji. Ndi Chingerezi. Ngakhale dzina loti Jagari linachokera kwa Mick Jagger wa Rolling Stones. Mzungu wa ku London kapena ku Los Angeles akamvera WITCH amamva zinthu zimene akuzidziwa kale, zitangothiridwa mchere wa ku Africa, ndipo n'zosadabwitsa kuti amaziika poyamba. Mayi wogulitsa tomato pa msika wa ku Katete analibe nazo gawo lalikulu.

Ngozi naye anayimba zambiri m'Chingerezi, ndipo kunena zoona zina mwa nyimbo zake zachikondi za m'Chingerezi n'zopanda kanthu, mawu awiri atatu obwerezedwa mpaka gitala litatopa. Koma akatembenukira ku Chinyanja amasanduka munthu wina. Taonani mayina okha a nyimbo zake: Kumanda kwa Bambo Wanga, Tikondane, Atate, Chenjelani, Ulesi Tileke. Izi ndi nkhani za pakhomo, zimene ankhoswe ndi anamkungwi amakamba, koma iye anaziika pamwamba pa phokoso la gitala la Hendrix ndi Black Sabbath, zinthu ziwiri zimene anthu ankayesa kuti sizingadyere mbale imodzi. Mnyamata wovala buluku lotambalala kumiyendo, wa tsitsi losapesa, amene makolo ankamuona ngati wosokoneza ana, ndi yemweyo amene ankauza anawo kuti asiye ulesi.

Pa zimbale zake zonse, ogula akunja amakonda kutamanda Day of Judgement chifukwa cha ukali wa gitala. Ife tikuti chimbale chake chachikulu ndi The Ghetto. M'menemo ndi mmene mwana wa ku Chibolya anafotokoza za kwawo mosabisa: makolo otha masiku ku mowa ana ali ndi njala, munthu wothedwa nzeru amene akuganiza zodzipha ndipo woyimba akumuletsa, ndi chikhulupiriro chake mwa Yesu. Sanalembe ngati mlendo wodzaona amphawi n'kubwerera kwawo madzulo. Ankanena za anthu amene ankatunga nawo madzi pa mpope umodzi. Oyimba ambiri a nthawi imeneyo akapeza ndalama ankayimba ngati anabadwira ku Kabulonga, kumene kumakhala olemera.

Pa 45,000 Volts palinso nyimbo yomvera chisoni anzathu a ku Zimbabwe, amene nthawi imeneyo anali pa nkhondo ndi boma la Ian Smith. Nkhani imeneyi si yachilendo kwa ife. Ankhondo a ZANLA ankadutsa m'chigawo chathu chomwe chino popita kukawoloka Zambezi kulowa kwawo, ndipo midzi ya ku Tete inalipira mtengo wa ulendo umenewo.

Pali dandaulo lina limene limachokera kwa eni chinenero, aphunzitsi ndi akuluakulu a mpingo, lakuti chimene Ngozi ankayimba si Chichewa koma Chinyanja chophwanyika cha m'tauni. Zoona, pamene ife timati ndidzakupanga, iye ankati nizakupanga, ndipo ankasakaniza ndi mawu a Chibemba, Chinsenga ndi Chingerezi monga amayankhulira anthu a ku Lusaka. Koma chinenero chimenecho sichinagwe kumwamba. Anachipanga ndi anthu a kum'mawa, Achewa, Ansenga ndi Angoni, amene anapita ku Lusaka kukafuna ntchito n'kukakumana ndi mitundu ina, ndipo pakati pawo panali abale athu a mbali ino ya malire. Ife amene chaka ndi chaka timapita ku Mkaika kukachita Kulamba kwa Kalonga Gawa Undi tikudziwa kuti mzere wa pa mapu sunadule lilime lathu. Chinyanja cha Ngozi ndi mdzukulu wa Chichewa chathu amene anakulira m'tauni. Ali ndi mwano pang'ono, koma ndi wathu.

Tisabise zofooka zake. Anatulutsa zimbale zambiri m'zaka zochepa, ndipo zina zikumveka kuti zinajambulidwa mothamanga, ng'oma zikulira ngati zitini, mawu a woyimba akumira pansi pa gitala. Liwu lake silinali lokoma ngati la malemu Alick Nkhata, amene makolo athu ankamumvera m'zaka za m'ma 1950. Amene akufuna nyimbo yogonekera mwana asapite kwa Ngozi.

Nyengo ya Zamrock siinakhalitse. Mtengo wa mkuwa unagwa pakati pa zaka za m'ma 1970 ndipo sunadzukenso msanga, zinthu zinayamba kusowa m'masitolo, ndipo munthu wofola pa mzere wa ufa ndi mafuta ophikira saganiza zogula mbale. Mu October 1978 asilikali a Rhodesia anaphulitsa msasa wa Chikumbi pafupi ndi Lusaka, ndipo pa kuukira kwa masiku omwewo cha ku Mkushi ndi pamene Alick Nkhata anaphedwa. Kunabwera malamulo oletsa kuyenda usiku ndi kuzimitsa magetsi, chikhalirecho gulu loyimba limadya usiku. Eni mabala anaona kuti n'kotchipa kulemba mnyamata mmodzi woliza mbale za disko kusiyana n'kulipira gulu lonse. Kenaka kunabwera makaseti, amene aliyense ankatha kujambula kuchokera kwa mnzake woyimba osalandirapo kanthu. M'zaka za m'ma 1980 makutu a anthu a ku Zambia anatembenukira ku kalindula wa P.K. Chishala, Amayenge ndi ena. Ngozi anapitiriza kuyimba m'zaka zimenezo, koma dziko linali litasintha mavinidwe.

Apa ndi pamene pagona chifukwa chimene achinyamata ambiri a kuno sakumudziwira. Pamene nkhondo yachiweniweni inathamangitsa mabanja a ku Chifunde ndi ku Marávia kuthawira ku Zambia, ena n'kukaikidwa ku Ukwimi m'boma la Petauke kuyambira 1987, zimene anakapeza zikulira kumeneko zinali kalindula ndi rumba. Pobwerera kwathu itatha nkhondo mu 1992, makaseti amene anabwera m'mitolo anali amenewo. Ngozi anatsala m'makutu a okalamba okha.

Paul Ngozi anamwalira m'chaka cha 1989 ali ndi zaka 40. Zinali zaka za maliro kwa oyimba a ku Zambia. Matenda a Edzi anatenga ambiri a m'badwo umenewo, ndipo pa amene anayambitsa WITCH anatsala ndi Jagari Chanda yekha. Mbale zakale zinatsala m'makatoni, zina ana n'kumaseweretsa.

Patapita zaka zoposa makumi awiri, anthu osonkhanitsa mbale zakale ku Ulaya ndi ku America anayamba kuzifunafuna. Kampani ya Now-Again ya ku Los Angeles inadindanso Day of Judgement mu 2014, ndipo mu 2017 inatulutsa zimbale ziwiri zosonkhanitsa nyimbo za magulu osiyanasiyana zotchedwa Welcome to Zamrock. Ngakhale pamenepo ulemu waukulu unapita kwa WITCH, popeza Jagari anali moyo kuti akwere ndege, ayankhe mafunso a atolankhani ndi kuonekera mu kanema wa mbiri ya gulu lake wa mu 2019. Wakufa sapita kukadzinenera.

Koma mu October 2024 woyimba wotchuka wa ku America, Tyler, the Creator, anatulutsa nyimbo yotchedwa Noid, yonena za mantha a munthu wotchuka amene aliyense akumulondalonda. Pofuna gitala ndi liwu loti linyamule nkhani imeneyi, anatenga chidutswa cha nyimbo ya Ngozi Family, Nizakupanga Ngozi, ya pa 45,000 Volts, imene nkhani yake ndi kuchenjeza munthu wamiseche. Sanasankhe ya m'Chingerezi. Chimbale chake, Chromakopia, chinafika pa nambala 1 pa mndandanda wa zimbale zogulidwa kwambiri ku America, ndipo achinyamata miyandamiyanda amene sadziwa kumene kuli Lusaka anamva Paul Nyirongo akuyimba m'Chinyanja cha ku Chibolya, ambiri n'kumafunsana pa intaneti tanthauzo la mawu amene mwana aliyense wa ku N'sadzu angawamasulire.

Ku Lusaka kuli msewu wotchedwa Paul Ngozi, m'dera la Kabwata. Amene mumakwera basi ku Katete n'kukatsikira pa Intercity, Kabwata si patali ndi pamenepo.