Levi Zililo Mumba, Mlembi wa Mabungwe a Eni Dziko

Mu January 1945 adamwalira Levi Zililo Mumba, Mngoni wa dziko lathu lino la Mzimba, atangokhala miyezi itatu yokha pa mpando wa Pulezidenti woyamba wa Nyasaland African Congress. Pa ndalama za pepala zimene zidatuluka mu 2012 adaikapo nkhope ya mnzake James Frederick Sangala ndi ya Inkosi ya Makhosi M'mbelwa II, koma ya Mumba palibe, ndipo ana ambiri a sukulu sadamvepo dzina lake. Chikhalirecho munthu ameneyu adatha zaka zoposa 30 akuphunzitsa eni dziko chinthu chimodzi chachikulu, ndicho chakuti ulamuliro woona umamangidwa pa malamulo olembedwa ndi pa kuvomera kwa anthu olamulidwawo. Nkoyenera tsono kuti ife a ku Euthini ndi a ku Mzimba konse timdziwe.

Ubwana ndi maphunziro

Mumba adabadwa m'zaka za m'ma 1880, Angoni a M'mbelwa akali kudzilamulira okha. Dziko lonse lidalowa m'manja mwa Angerezi mu 1891, koma Angoni a kumpoto adakhalabe paokha kufikira 1904, pamene makhosi adakumana ndi Bwana Alfred Sharpe ku Ekwendeni navomera Boma mwa pangano, popanda nkhondo. Mnyamatayo adakula akuona ufumu wa makolo ake, m'mene makhosi onga Mtwalo, Chindi, Mpherembe, Mzukuzuku ndi Mabulabo ankaweruza yense m'dziko lake, koma pa milandu yaikulu ankasonkhana pansi pa Inkosi ya Makhosi.

Adaphunzira ku Overtoun Institution, sukulu imene Dr. Robert Laws wa Mishoni ya Livingstonia adatsegula ku Khondowe mu 1894. Adapambana bwino mayeso ake otsiriza mu 1903, ndipo adali woyamba kuphunzira maphunziro a zamalonda ndi kasungidwe ka mabuku a chuma. Luso limeneli ndilo lidamuumba. Wosunga mabuku amadziwa kuti mau olankhulidwa amauluka, koma olembedwa amadikira tsiku la mlandu.

Boma lopanda mau a eni dziko

Tiyenera kudziwa m'mene dziko linkayendera masiku amenewo. Mu 1907 dzikoli lidatchedwa Nyasaland, ndipo ku Zomba kudakhazikitsidwa Bungwe la Malamulo. M'bungwemo munkakhala Bwanamkubwa, akuluakulu a Boma ndi Azungu ena ochepa osankhidwa ndi Boma lomwelo. Munthu wakuda mudalibe ndi mmodzi yemwe. Wolankhulira eni dziko adali mmishonale, ndipo ngakhale mmishonaleyo akhale wa mtima wabwino chotani, sadamtume ndi anthu, ndipo anthu sakadatha kumchotsa. Malamulo a msonkho, a malo ndi a ntchito ankapangidwa motero, osonkhawo namangomva kwa Bwana D.C.

Mu 1912 anthu ophunzira a ku Karonga adayambitsa North Nyasa Native Association, bungwe loyamba la mtundu umenewu m'dziko muno, nasankha Mumba kuti akhale mlembi. Cholinga chake chidali pawiri: kudziwitsa Boma maganizo a eni dziko, ndi kufotokozera eni dziko tanthauzo la malamulo a Boma. Bungwelo lidali ndi malamulo ake olembedwa. Lidali ndi wapampando, mlembi ndi msungichuma osankhidwa ndi anzawo. Nkhani inkakambidwa poyera, inkagamulidwa ndi unyinji, inkalembedwa, ndipo zolembedwazo zinkatumizidwa ku Boma. Mwina wowerenga adzati izi nzazing'ono. Koma taganizani: anthu amene dziko lawo lidalibe malamulo owateteza adayamba kudzipangira malamulo omanga atsogoleri awo omwe. Pamenepo ndi pamene pali muzu wa boma la malamulo, pakuti m'boma lotero wolamula nayenso ali pansi pa lamulo.

Mu January 1915 John Chilembwe adaukira Boma ku Chiradzulu, ndipo Boma lidayamba kukayikira munthu wakuda aliyense wophunzira. Mumba ndi anzake adasankha njira ya kalata ndi msonkhano, nalemba madandaulo awo ndi mau aulemu koma osabisa kanthu. Mabungwe ena adabadwa motsanzira loyamba lija: West Nyasa Native Association mu 1914, ndi Mombera Native Association kuno kwathu mu 1920. Malamulo a mabungwewa adali ofanana kwambiri, ndipo olemba mbiri amati mmisiri wake wamkulu adali Mumba.

Bungwe la Mombera lidaonetsa kuti njirayo ili ndi mphamvu. Mu 1915 Boma lidachotsa Inkosi Chimtunga pa ufumu chifukwa chokana kupereka anthu a tengatenga ku nkhondo, nilimtumiza kumwera. Bungwelo lidalimbikira kupempha kuti ufumu waukulu wa Angoni ubwezedwe, ndipo mu 1933 Lazaro Jere adavomerezedwa kukhala M'mbelwa II. Cholembera chidabweza chimene mkondo sukadatha kubweza.

Kulumikiza mabungwe

Mumba adaona msanga kuti bungwe la boma limodzi silimveka patali, pakuti mutu umodzi susenza denga. Ali ku Zomba mu 1924, iye ndi anzake a kumpoto ogwira ntchito kumeneko adakhazikitsa komiti yoimira mabungwe onse a kumpoto, kuti mau awo azifika pamodzi ku likulu. Bungwe lililonse lidasunga dzina lake, atsogoleri ake ndi nkhani za kwawo, koma nkhani zokhudza onse lidazipereka ku komitiyo mwa kufuna kwake.

M'zaka za m'ma 1930 adakhala munthu wakuda woyamba m'komiti yolangiza Boma pa za maphunziro, ndipo sadatope kupempha sukulu za sekondale, podziwa kuti anthu osaphunzira sangathe kuwerenga malamulo owalamulira. Adaona ndi maso ake sukulu ya sekondale ya Blantyre ikutsegulidwa mu 1940, ndi ya Akatolika ku Zomba mu 1942. Adapemphanso mobwerezabwereza kuti eni dziko akhale ndi owaimira awoawo m'Bungwe la Malamulo. Izi sadazione, popeza anthu akuda oyamba, Ellerton Mposa ndi Ernest Muwamba, adalowamo mu 1949, iye atagona kale.

Zaka zimenezo zidali zolemetsa. Boma litakhazikitsa ulamuliro wa mafumu mu 1933, lidakonda kumva za anthu kudzera mwa mafumu okha, ndipo mabungwe ambiri adafooka. Nthawi yomweyo Azungu a ku Southern Rhodesia ankafuna kuti dziko lawo, Northern Rhodesia ndi Nyasaland zisanduke dziko limodzi. Amuna a ku Mzimba ankalidziwa bwino dziko la Southern Rhodesia, pakuti ambiri adakagwirako ntchito m'migodi ndi m'mafamu. Ankadziwa chitupa, ankadziwanso lamulo la 1930 limene lidagawa nthaka yabwino kwa Azungu. Pamene nthumwi za Lord Bledisloe zidafika mu 1938 kudzafunsa maganizo a anthu, mabungwe ndi mafumu adakana, ndipo lipoti la 1939 lidavomereza kuti eni dziko sakufuna.

Kukana kumeneko kudaphunzitsa atsogoleri kuti dziko lonse liyenera kukhala ndi pakamwa pamodzi. Mu 1943 Sangala adaitanitsa msonkhano ku Blantyre, ndipo iye ndi Mumba adagwirizana zosonkhanitsa mabungwe onse, a kumpoto, a pakati ndi a kumwera. Poyamba dzina la bungwe latsopanolo lidatchula ophunzira okha, koma adalisintha kuti khomo litsegukire munthu aliyense. Mu October 1944 Kongeresi idachita msonkhano wake woyamba ku Blantyre, nisankha Mumba kukhala Pulezidenti. Atamwalira, mpandowo udapita kwa Charles Matinga.

Zitaganya ziwiri

Tsono tiyeni tilinganize ntchito ya Mumba ndi chimene chidadza pambuyo pake. Chitaganya, monga anthu anzeru za maboma amachifotokozera, ndi mgwirizano wa maiko kapena zigawo, m'mene chigawo chilichonse chimasunga boma lake pa nkhani za kwawo, nichipereka nkhani zina, monga za asilikali ndi za ndalama, ku boma limodzi la onse. Malamulo olembedwa ndiwo amaika malire pakati pa maboma awiriwa. Umo ndi m'mene amakhalira a ku Switzerland, a ku Canada ndi a ku United States. Chitaganya mwa icho chokha sichoipa. Koma kuti chikhale cholungama pafunika zinthu ziwiri: olowamo alowe mwa kufuna kwawo, ndipo mau awo akhale ndi kulemera koyenera m'nyumba yopangira malamulo.

Kongeresi ya Mumba idamangidwa motero, kuchokera pansi, mabungwe akudzipereka okha. Chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, chimene chidayamba mu 1953, chidamangidwa kuchokera pamwamba. Mafumu adapita ku London kukachikana, M'mbelwa II adachikana, Kongeresi idachikana, koma chidakhazikitsidwabe. M'nyumba yake ya malamulo ku Salisbury mudali mipando 35, ndipo ya anthu akuda idali 6 yokha, iwiri ya dziko lililonse, ngakhale iwo ndiwo adali unyinji woposa kutalitali. Chidali ndi malamulo olembedwa bwino ndithu, koma chidasowa kuvomera kwa anthu. Nchifukwa chake sichidapeze mtendere. Pa 3 March 1959 Boma lidaletsa Kongeresi nilimanga atsogoleri ake, anthu ambiri nafa, ndipo pa 31 December 1963 Chitaganyacho chidatha, chitakhala zaka 10 zokha.

Phunziro la Mumba silidathere pa Azungu. Dziko lathu lidalandira ufulu pa 6 July 1964, koma malamulo a 1966 adaika mphamvu zonse m'chipani chimodzi, ndipo mau a anthu adatsekedwanso. Padafunika kalata ya Aepiskopi athu ya 1992 ndi chisankho cha pa 14 June 1993 kuti anthu afunsidwenso, ndipo malamulo aakulu a 1994 adalemba poyera kuti ulamuliro wonse umachokera kwa anthu a Malawi. Mfundo imeneyi ndi yomwe ija mlembi wa ku Karonga ankaitumikira mu 1912.

Inu aphunzitsi a katekisimu ndi akuluakulu a mipingo, amene mumakhala m'makomiti a tchalitchi, a sukulu ndi a mudzi, ntchito ya Mumba ili m'manja mwanu sabata ndi sabata. Mukasankha atsogoleri pa nthawi yake, mukalemba zimene mwagwirizana, mukawerenga poyera ndalama za bungwe, mukalola wamng'ono kulankhula wamkulu asanagamule, mukuphunzitsa ana anu m'mene dziko liyenera kuyendera. Anthu ozolowera chilungamo m'bungwe la pamudzi sadzavomera msanga kulamulidwa popanda kufunsidwa. Ambuye ampatse Levi Zililo Mumba mpumulo wosatha.