Anton Chekhov: Dokotala Yemwe Adalemba za Ukalamba Osaufika

Inu amene mukukonzekera mayeso a Fomu 4, mwina mukudabwa kuti munthu wa ku Russia akudzatani m'buku la Chichewa. Dekhani. Anton Chekhov ndi mmodzi mwa akatakwe a nkhani zazifupi, ndipo moyo wake ukuthandizani kuona momwe mlembi amaonetsera mantha a imfa popanda kuwatchula dzina.

Chekhov adabadwira ku Taganrog m'chaka cha 1860. Golosale ya bambo ake itagwa mu 1876, banja lidathawira ngongole ku Moscow, mnyamatayo n'kutsala yekha kuti amalize sukulu. Atawalondola, adayamba kuphunzira udokotala, uku akulemba tinkhani toseketsa m'magazini kuti pakhomo papezeke chakudya.

Adamaliza maphunzirowo mu 1884, ndipo chaka chomwecho adayamba kutsokomola magazi. Dokotala sangalephere kudziwa tanthauzo la zimenezi, komatu iye adazemba kupimidwa mpaka mu 1897. Mkulu wake Nikolai adamwalira ndi chifuwa chachikulu mu 1889. M'chaka chimenecho, ali ndi zaka 29 zokha, Chekhov adatulutsa nkhani yotchedwa A Dreary Story.

Apa ndiye mutchere khutu. Mpangankhani wamkulu ndi pulofesa wa zachipatala wa zaka 62, wotchuka dziko lonse, yemwe akudziwa kuti watsala ndi miyezi yowerengeka. Tulo sakuliona. Akudziwerenga yekha kugunda kwa mtima usiku, koma kupita kwa dokotala mnzake, ayi. Mkazi wake ndi mwana wake akumuonekera ngati alendo. Katya, mtsikana yemwe adamulera, atabwera akulira kudzapempha nzeru za moyo, nkhalambayo ikusowa chomuuza. Mwaona? Chomuopsa si manda okha, koma kuzindikira kuti nzeru zonse zija sizikuthandiza ngakhale munthu mmodzi amene amamukonda. Funso la mfundo yaikulu likabwera, umboni muziufuna m'zochita zoterezi.

Matenda atakula, Chekhov adasamukira ku Yalta, kumalo ofundirako, ndipo mu 1901 adakwatira Olga Knipper, katswiri wa zisudzo. Mu 1902 adatulutsa The Bishop, nkhani ya bishopu yemwe akudwala m'sabata yoyera. Mayi ake omubereka akumupatsa ulemu wa patali chifukwa cha udindo, ndipo akudzamuitana ngati mwana wawo ali kale kayakaya. Patangotha mwezi, wina walowa m'malo mwake, anthu n'kumuiwala. Kwa ine nkhani iyi ndiyo yoboola mtima kuposa yoyamba ija, chifukwa mlembi sakudandaula paliponse. Akungoonetsa dziko likupitiriza zake.

Chekhov adamwalira mu July 1904 ku Badenweiler m'dziko la Germany, ali ndi zaka 44. Thupi lake lidabwerera ku Russia m'bogi yoziziritsa ya sitima, yomwe inkanyamula nkhono za m'nyanja, ndipo lidaikidwa m'manda a Novodevichy ku Moscow.