Mayi Mary Sumner: Kwawo Kunali Kuti?

Kuno kwa Mwadzama, mnyamata akabwera kudzafunsira mbeta, akuluakulu amayamba afufuza kwawo ndi mtundu wake. Chaka chilichonse pa 9 August timakumbukira Mayi Mary Sumner amene anayambitsa Mothers' Union, koma ambirife timangodziwa dzina ndi chithunzi chawo basi. Tiyeni nafenso tifufuze kumene anachokera.

Mayi Sumner anabadwa pa 31 December 1828 ku Swinton, pafupi ndi Manchester ku Mangalande. Bambo awo, a Thomas Heywood, anali mwini banki pamodzi ndi abale awo. Mwanayu ali wamng'ono, banja linachoka m'tauni kukakhala kumudzi ku Colwall, m'chigawo cha Herefordshire. Kumeneko mayi awo, mwana wa a Barton, ankasonkhanitsa amayi a m'mudzimo ndi kumawaphunzitsa. Azungu amatsata kuchimuna, n'chifukwa chake mabuku amachulutsa za a Heywood. Ife Achewa amene timatsata kuchikazi sitichedwa kuona kuti mbewu ya ntchito yathuyi inachokera kwa mayi.

Tikabwerera m'mbuyo kuchimunako tikumana ndi nkhani yowawa. Agogo a bambo awo, a Benjamin Heywood, ndi mbale wawo Arthur anali amalonda a ku Liverpool, ndipo ankaika ndalama m'zombo zonyamula akapolo kuchokera kuzambwe kwa Africa kupita ku America. A Benjamin ndiwo anatsegula banki ya banjali ku Manchester mu 1788. Ife a ku Nkhotakota, kumene Jumbe ankawolotsa makolo athu panyanja kupita nawo ku Kilwa, sitingawerenge zimenezi mtima uli m'malo. Mlandu si wa Mayi Sumner ayi, pakuti Britain inaletsa malondawa mu 1807 iwo asanabadwe. Koma kubisa sikungathandize: chuma chimene chinawaphunzitsa zinenero ndi kuimba, mpaka kuwafikitsa ku Rome, mizu yake ina inali kumeneko.

Ku Rome komweko ndiko anakumana ndi George Sumner, ndipo anamanga ukwati ku Colwall mu 1848. Apongozi awo aamuna, a Charles Sumner, anali Bishopu wa Winchester, ndipo mkulu wa apongoziwo, a John Bird Sumner, anakhala Arkibishopu wa Canterbury chaka chomwecho. Chodabwitsa n'chakuti mayi wa mabishopu awiriwa anali pachibale ndi William Wilberforce, uja anamenyera nkhondo kuti ukapolo uthe. Choncho ana atatu a Mayi Sumner, Margaret, Louise ndi Heywood, anali ndi magazi a mbali zonse ziwiri.

Mu 1851 a George anakhala wansembe wa mudzi wa Old Alresford. Mu 1876 Margaret atachira mwana wake woyamba, agogo atsopanowa anakumbuka mantha amene anali nawo pa uchembere wawo, ndipo anaitana amayi a m'parishi, olemera ndi osauka omwe. Tsikulo litafika anagwidwa ndi manyazi, moti amuna awo ndiwo analankhula. Amayi amene mumanjenjemera mukapatsidwa pemphero pagulu, mwamva? Patapita sabata anawaitananso nalankhula okha.

Kwa zaka zisanu ndi zinayi gululi linali la m'mudzi umodzi. Mu 1885 pa msonkhano wa mpingo ku Portsmouth, Bishopu Ernest Wilberforce, mdzukulu wa William uja, anawapempha kuti alankhule kwa amayi, ndipo kuchokera pamenepo linafalikira. Mu 1896 anakhala mtsogoleri woyamba wa bungwe lonse, patangopita zaka ziwiri amishoni a UMCA atakhazikika ku Nkhotakota.

A George anamwalira mu 1909. Mayi Sumner anawatsatira mu August 1921 ali ndi zaka 92, ndipo onse awiri anagona pabwalo la tchalitchi chachikulu cha Winchester.