Seth Bullock: mweta ng'ombe amene anali mnzake wa pulezidenti

Tsiku limene Seth Bullock anakumana koyamba ndi Theodore Roosevelt, sanamukhulupirire ngakhale pang'ono. Roosevelt ndi anzake awiri anali atayenda masabata awiri m'chigwa cha Dakota, kumadzulo kwa dziko la America, kugona panja, zovala zili bii ndi fumbi. Bullock, yemwe ntchito yake inali yosunga lamulo, anawayesa akathyali otchova juga oyenera kuwayang'anitsitsa. Nkhaniyi anaifotokoza yekha Roosevelt m'buku la mbiri ya moyo wake. Atadziwana, chipongwe chija chinasanduka nthabwala, ndipo ubwenzi wawo unatha ndi imfa basi.

Bullock anabadwira ku Amherstburg m'dziko la Canada, koma anachoka pakhomo akadali mnyamata nkukakhala ku Montana. Pa 1 August 1876 iye ndi mnzake Sol Star anafika m'tauni ya Deadwood kudzatsegula sitolo ya zitsulo. Mawa lake, katswiri wa mfuti Wild Bill Hickok anawomberedwa m'bala akusewera makadi. Umu ndi momwe Deadwood inalili: golide, mowa ndi mfuti. Tisaiwalenso kuti mapiri a Black Hills, momwe muli tauniyi, anali a mtundu wa Lakota malinga ndi pangano la 1868, ndipo azungu analowamo mwa nkhanza golide atapezeka mu 1874.

Mu 1877 Bullock anasankhidwa kukhala mkulu wa apolisi m'boma la Lawrence. Chodabwitsa nchakuti anakhazikitsa bata popanda kupha munthu. Anthu amati diso lake lokha linkakwanira kuziziritsa chidakwa.

Koma mtima wake unali ku ng'ombe. Iye ndi Star anatsegula famu pomwe mitsinje ya Redwater ndi Belle Fourche imakumana. Anali wochenjera pa malonda, mwinanso mopitirira: anapereka malo aulere kuti njanji idutse pa famu yake, ndipo mapeto ake tauni yatsopano ya Belle Fourche inakula pomwe yoyandikana nayo, Minnesela, inafa.

Naye Roosevelt ankazidziwa ng'ombe. Mwana wa banja lolemera la ku New York ameneyu anathawira ku Dakota mu 1884, mkazi wake ndi mayi ake atamwalira tsiku limodzi. Kumeneko ankaweta ndi kusaka nyama pofuna kuiwala chisoni. Choncho awiriwa ankamvana pa nkhani za akavalo, mfuti ndi tchire.

Roosevelt atakhala mtsogoleri wa dziko mu 1901, sanamuiwale mnzakeyo. Bullock anayang'anira nkhalango ya Black Hills, ndipo mu 1905 anapatsidwa udindo wa mkulu wa apolisi a boma lalikulu m'chigawo chonse cha South Dakota. Wina atha kunena kuti uku kunali kukondera, ndipo sangalakwitse kwenikweni, kungoti mkuluyu ntchitoyo ankaitha: pulezidenti wotsatira, William Howard Taft, anamusunga pa mpandowo. Pa mwambo wolumbiritsa Roosevelt mu March 1905, Bullock anabweretsa gulu la abusa a ng'ombe omwe anaguba pa akavalo m'misewu ya Washington.

Chizindikiro chenicheni cha kukhulupirirana sichinali maudindowo ayi. Roosevelt ankatumiza ana ake aamuna kwa Bullock kuti akaphunzire kukwera kavalo, kugona kutchire ndi kusaka. Munthu sapereka mwana wake ndi mfuti kwa munthu wamba. Mmodzi mwa anawo, Kermit, anadzalemba za mkuluyu m'buku lake la ulenje la mu 1920.

Mu 1910, Roosevelt atamaliza ulendo wake wautali wosaka nyama kum'mawa kwa Africa, anafika ku Ulaya komwe mafumu ankamulandira ndi ulemu waukulu. Pakati pa zonsezo anatumiza telegalamu kuti Bullock ndi mkazi wake akamupeze ku London, poti anali atapukwa anthu oyankhula ngati kwawo. Bullock anawoloka nyanja.

Roosevelt anamwalira pa 6 January 1919. Bullock, naye akudwala khansa, anasonkhanitsa anzake a bungwe la Society of Black Hills Pioneers ndi kumanga nsanja ya miyala pa phiri lapafupi ndi Deadwood, lomwe analitcha Mount Roosevelt. Anaitsegulira pa 4 July chaka chomwecho.

Pa 23 September 1919 nayenso anatsikira kuli chete. Anamuika pamtunda, pamwamba pa manda a Mount Moriah, moyang'anana ndi phiri lomwe pali nsanja ya mnzakeyo.