Aryabhata, Mnyamata Amene Sanaope Rahu

Anzanga, taimani kaye muwerenge za Aryabhata. Iyeyu anabadwa ku India mu 476. Masiku amenewo kukachitika kadamsana wa mwezi, anthu ankati chiwanda chotchedwa Rahu chaumeza. Ankasala kudya, ankapatsa osauka mphatso, kenako n'kukasamba mumtsinje ngati Ganga kuti adziyeretse. Ambiri kumeneko amatero mpaka lero.

Koma mu 499, ali ndi zaka 23 zokha, Aryabhata analemba buku lotchedwa Aryabhatiya. Ankakhala ku Kusumapura, komwe pano kuli mzinda wa Patna. M'bukumo anafotokoza kuti dziko likakhala pakati pa dzuwa ndi mwezi, mthunzi wake umagwera pamwezi, basi. Palibe chomeza mwezi ayi! Anasonyezanso masamu owerengera kadamsana, n'kunenanso kuti dziko lathuli limazungulira.

Ena zinawanyansa. Mu 628 katswiri wina, Brahmagupta, anamudzudzula m'buku lake chifukwa chokana Rahu. Komatu choona sichiola: mu 1975 dziko la India linatcha setilaiti yake yoyamba dzina la Aryabhata.

Ndiye iwe amene umajomba piriyodi ya masamu, taganiza bwino!