Alick Nkhata, Woyimba ndi Wosunga Nyimbo za Anthu

Anthu okonda nyimbo za jazi ali ndi mkangano umene sukutha, ndiwo wa kusankha zimbale zoposa zinzace zonse. Jazi ndi mtundu wa nyimbo umene unabadwa pakati pa anthu akuda a mu mzinda wa New Orleans ku Amereka, ndipo unafala m'maiko onse ndi galamafoni ndi wailesi. Posankhapo, wina amachula cimbale ca Miles Davis ca 1959 cochedwa Kind of Blue, wina ca John Coltrane ca 1965 cochedwa A Love Supreme, wina nakana zonse ziwiri. Koma pali cinthu cimodzi cimene otsutsanawo amaiwala kawirikawiri: munthu amasankha mwa zokhazo zimene zinasungidwa. Nyimbo imene sinajambulidwe inapita ndi mphepo usiku womwewo, ngakhale inali yokoma cotani. Cotero wosankha woyamba ndiye uja anaima ndi makina pamaso pa woyimba, nanena kuti iyi tiisunge. M'dziko la Zambia mmodzi wa osankha oyambawo anali Bambo Alick Nkhata.

Bambo Nkhata anabadwira ku Kasama m'caka ca 1922. Atate ao anali Mtonga, ndipo amai ao anali Mbemba. Anaphunzira nchito ya uphunzitsi, monga ambiri a inu owerenga, koma Nkhondo Yaciwiri ya dziko lonse inasintha njira yao, pakuti analowa usilikari napita ku Burma, kumene anyamata ambiri a ku Northern Rhodesia ndi Nyasaland anatumizidwa masiku amenewo.

Atabwerako ku nkhondo, anagwira nchito pamodzi ndi Hugh Tracey, Mngelezi wokhala ku South Africa, amene anali kuyendayenda m'maiko a kuno ndi galimoto yonyamula makina ojambulira mau. Tracey ndiye anakhazikitsa nyumba yosungira nyimbo za mu Afrika, International Library of African Music, m'caka ca 1954 ku Roodepoort pafupi ndi Johannesburg, ndipo zimene anajambula zinatuluka pa zimbale zoposa 200. Nchito yotere siinali yapafupi. Mbale ya galamafoni ya masiku aja inali kutenga mphindi ngati 3 zokha mbali imodzi, pamene gule wa kumudzi angathe kucezera usiku wonse. Tsono wojambula anayenera kudziwa woyimba amene ali katswiri weniweni, ndi ndime imene ili mtima wa nyimbo, ndi malo oimikapo ng'oma kuti zisamize mau a anthu. Mlendo sangadziwe izi payekha, amasowa mwana wa m'dzikomo wa makutu akuthwa. Umu ndimo mmene mphunzitsi wa ku Kasama anaphunzirira kumvetsera ndi kusankha.

Pa nthawi yomweyo ku Lusaka kunali kukula cinthu catsopano. Boma linayamba kuulutsa mau pa wailesi mu mzindawu m'caka ca 1941, makamaka kuti anthu amve za nkhondo. Nkhondo itatha, nyumba ya wailesiyo inakuzidwa nichedwa Central African Broadcasting Station, ndipo inapatsidwa nchito ya kulankhula kwa anthu akuda a maiko atatu, Northern Rhodesia, Southern Rhodesia ndi Nyasaland, m'zinenero zao, monga Cinyanja, Cibemba, Citonga, Cilozi, Cishona ndi Cindebele. Bvuto linali lakuti anthu wamba sanathe kugula wailesi. Harry Franklin, mkulu wa za nkhani m'Boma, anafunafuna kampani yopanga wailesi yochipa, ndipo m'caka ca 1949 kampani ya Ever Ready ya ku Mangalande inatulutsa kawailesi koyendera batire, kozungulira ngati sefuliya, kamene kanachedwa Saucepan Special. Mtengo wace unali mapaundi 5, osawerengera batire.

Tikumbukire mmene Lusaka analili. Mzindawu unakhala likulu la dziko m'caka ca 1935, ndipo unamangidwa mogawa anthu. Ku Woodlands ndi ku Kabulonga kunali nyumba zazikulu za Azungu, pamene anchito akuda anali kukhala m'malo ngati Kabwata, m'tinyumba tozungulira tofolera ndi udzu. M'malo otere wailesi imodzi inali kutumikira mabanja ambiri, pakuti dzuwa likalowa anansi anali kusonkhana pakhomo pa mwini wace. Anthu amenewa anacokera ku mitundu yosiyanasiyana, anasiya midzi yao kutali, ndipo anali ndi ludzu la kumva cinenero ca kwao ndi nyimbo za kwao.

Ca m'ma 1950 Bambo Nkhata analowa nchito pa wailesi imeneyi, nakhala mmodzi wa oulutsa mau odziwika koposa. Nyumba ya wailesi inali kutumiza anthu ace m'midzi ndi m'makomboni kukajambula oyimba, ndipo inasonkhanitsa nyimbo zambirimbiri. Omvera naonso anapatsidwa mpata wa kusankha, cifukwa panali pologalamu yochedwa Zimene Mwatifunsa, mmene munthu anali kulemba kalata kupempha nyimbo ndi kupereka moni kwa abale ace akutali. Makalata amenewo anali ngati sukulu kwa anchito a pa wailesi, pakuti anaonetsa poyera nyimbo zimene zinafika anthu pamtima, zimene nthawi zina sizinali zomwe akuluakulu a Boma anayembekezera.

Koma a Nkhata sanali wosankha nyimbo za ena cabe. Anali woyimba gitala ndiponso wa mau ofewa okoma. Anayamba ndi kagulu ka anthu anai, ndipo pambuyo pace anatsogolera Lusaka Radio Band, gulu limene linadzachedwa Big Gold Six. Kacitidwe kao kanali kotere: anali kutenga nyimbo ya kumudzi, kapena nkhani ya m'tauni, naiika pa gitala, nalukanitsa mau a oyimba atatu kapena anai, kuti ikome kwa wa ku Kabwata ndi kwa wa kumudzi yemwe. Anayimba za mowa, za ukwati, za anyamata ndi atsikana a m'tauni, mosekesa koma molangiza. Mwa nyimbo zao zokumbukika muli Imbote, Taxi Driver, Maggie, Shalapo, ndi Kalindawalo ni Mfumu, imene imachula mfumu ya Ansenga a ku Petauke.

Apa ndipo pali cibale cao ndi jazi. Oyimba jazi naonso amatenga nyimbo yodziwika kale naibveka cobvala catsopano, osataya thupi lace. Ndipo tisaganize kuti madzi anali kuyenda njira imodzi yokha, kucokera ku Amereka kudza kuno. M'zaka zomwezo August Musarurwa wa ku Bulawayo anapeka nyimbo ya Skokiaan, imene inaoloka nyanja, kotero kuti Louis Armstrong, mfumu ya lipenga la jazi, anaijambula m'caka ca 1954. Nyimboyo inamveka kutali cifukwa wina anayamba waiika pa mbale ya galamafoni.

Nchito ya a Nkhata inali ndi minga yace. Ena mwa ophunzira anali kuyesa nyimbo za makolo zinthu zacikale zocititsa manyazi, pamene ena mwa akulu anali kuyesa nyimbo za gitala zoononga mwambo. Kuonjezera apo, m'caka ca 1953 maiko atatu aja anamangidwa pamodzi m'citaganya ca Federation, cimene anthu akuda ambiri anacikana, ndipo wailesi ya Boma inayamba kukayikiridwa pamodzi ndi anchito ace. Munthu wa pa wailesi anali pakati pa moto uwiri. A Nkhata sanasiye kuyimba, ndipo pamene nkhondo ya ufulu inakula, anapereka luso lao ku nyimbo zolimbikitsa cipani ca UNIP ca Kenneth Kaunda. Federation inatha m'caka ca 1963, Zambia nalandira ufulu pa 24 October 1964. M'dziko latsopanolo iwo anakwera kufikira pa udindo wa waciwiri kwa mkulu wa wailesi, ndipo anakhalanso mkulu wa nthambi ya Boma yoona za miyambo ndi cikhalidwe.

M'caka ca 1974 anapuma pa nchito napita kukalima ku munda wao ku Mkushi. Koma cakudza siciyimba ng'oma. Masiku amenewo Zambia inali kusunga omenyera ufulu a dziko la Zimbabwe, ndipo pa 19 October 1978 asilikari a boma la Ian Smith la ku Rhodesia anaoloka malire ndi ndege, nathira nkhondo pa misasa ya ZIPRA ku Chikumbi, kumpoto kwa Lusaka, ndi ku Mkushi. Munda wa a Nkhata unali pafupi ndi msasa wa ku Mkushi, ndipo iwo anaphedwa m'cipolowe cimeneco. Munthu amene anabwerako wamoyo ku Burma anafera m'dziko lace lomwe, m'nkhondo ya ufulu wa anansi.

Nanga bwanji dzina lao silipezeka pa mndandanda wa zimbale zazikulu? Cifukwa cimodzi ndi ici. Cimbale cacikulu, cotenga nyimbo zambiri pamodzi, cinatulukira ku Amereka m'caka ca 1948, ndipo oyimba jazi a kumeneko anali ndi makampani olemera owajambula. Kuno nyimbo za nthawi ija zinali kutuluka pa timbale tating'ono tosweka msanga, kapena kukhala m'nkhokwe ya wailesi. Kunali m'caka ca 1991, patapita zaka 13 cimwalirire iwo, pamene kampani ya RetroAfric ya ku London inasonkhanitsa nyimbo zao zakale pa cimbale cimodzi, nicicha Shalapo, liu la Cibemba lotsazikira munthu wotsala. Cotero mndandanda uliwonse wa zimbale zopambana umatiuza za luso la oyimba, komanso umatiuza za amene anali ndi makina ndi ndalama. Mzinda wa Lusaka unawalemekeza m'njira yace: mseu umene pali nyumba ya wailesi ya ZNBC umachedwa Alick Nkhata Road.

Tsono, aphunzitsi anzathu, phunziro lace ndi lathu. Makina amene kale anafuna galimoto yathunthu, lero ali m'thumba la munthu aliyense wokhala ndi lamya ya m'manja. Ku Chelstone, ku Kabwata ndi m'midzi ya ana athu a sukulu muli agogo amene akali ndi nyimbo za pamtondo, za paukwati ndi za pamaliro, zimene palibe wina anazisunga. Tumani ana akafunse mwaulemu, akajambule atalandira cilolezo, alembe dzina la nyimbo, cinenero cace, ndi nthawi imene imayimbidwa. Pambuyo pace akhale pansi m'kalasi, amvetsere, natsutsane kuti yokoma koposa ndi iti, ndipo aliyense apereke cifukwa cace. Potero adzaphunzira zonse ziwiri zimene Bambo Nkhata anazidziwa bwino, kusunga poyamba, ndi kusankha pambuyo pace.