Lawrence Katilungu, mtsogoleri amene anamenyera umoyo wa anchito a m'migodi

Kuno ku Kasisi, ndikamayendera odwala m'midzi, nthawi zina ndimapeza madala amene anathera unyamata wao pansi pa mgodi. Pali mkulu wina amene sangayende kucokera pakhomo pake kufika pa cigayo osakhala pansi kawiri kuti apeze mpweya. Ena amati ndi ukalamba, ena amanong'ona za ufiti. Koma matenda ao anawatenga kunchito zaka 40 zapitazo. Ndiye cifukwa cake lero ndafuna kuti tikumbukire Lawrence Chola Katilungu, munthu amene moyo wake utiphunzitsa kuti umoyo wa munthu umayambira pa nchito imene agwira, malipiro amene alandira ndi nyumba imene agona.

Katilungu anabadwa mu February 1914 ku Northern Province, m'banja lacifumu la Abemba. Anayamba wakhala mphunzitsi pa sukulu ya mishoni, koma mu 1936 analowa nchito ya pansi pa mgodi wa Nkana ku Kitwe. Masiku amenewo msonkho wa boma la atsamunda unali kucotsa amuna m'midzi. Ku migodi kunasonkhana Abemba, Alozi, Alamba, ndiponso abale athu ocokera ku Fort Jameson, kumene lero ndi ku Chipata, ku Petauke, ku Lundazi ndi ku Nyasaland.

Migodi imene anyamatawa anaipeza inali kale ndi mbiri ya imfa. Pamene mgodi wa Roan Antelope ku Luanshya unali kutsegulidwa, kumapeto kwa zaka za m'ma 1920, anthu anali kufa ndi malungo, kamwazi ndi cibayo, mpaka panamveka mphekesera yakuti mu mtsinje wa Luanshya muli cinjoka cimene cikudya anthu. Ambiri anathawa nchito. Kampani inaitana akatswiri a ku Ross Institute ya ku London motsogozedwa ndi Sir Malcolm Watson. Iwo anakumbitsa ngalande zoumitsa madambo, anaongola mtsinje kuti madzi asaime, ndipo anchito anapatsidwa madzi abwino ndi zimbudzi. M'zaka zowerengeka imfa zinatsika kwambiri. Cinjoka cija cinali madzi oima ndi komboni yauve.

Udzudzu unagonja, koma umphawi unatsala. Wanchito wakuda anali kulipidwa pa tikiti ya masiku 30 ogwira nchito. Woyamba kumene pansi pa mgodi anali kulandira masheleni 22 ndi mapeni 6 pa tikiti, wa pamwamba masheleni 12 ndi mapeni 6, kuonjezapo phoso la unga, nyemba ndi kanyama. Mzungu anali kupeza pa tsiku limodzi ndalama zimene munthu wakuda anali kuzikhetsera thukuta pafupifupi mwezi wonse. Banja lonse linali kugona m'kacipinda kamodzi, ndipo m'malo otere cifuwa ca TB sicicedwa kuyambukira.

Panalinso mdani wina wosapanga phokoso. Pobowola ndi kuphulitsa mwala pamatuluka fumbi losalala kwambiri limene limakhazikika m'mapapo ndi kusiya zipsera. Matenda amenewa madotolo amawacha silicosis. Alibe mankhwala ocizira, ndipo amatsegulira njira TB. Coipa cake n'cakuti amaonekera patapita zaka, munthu atabwerera kale kumudzi. Motero amene anali kusenza mtolo wa matendawo ndi mkazi ndi ana kumudzi, osati mgodi umene unadya mphamvu zake.

Anchito sanakhale cete. Mu 1935 ananyanyala nchito cifukwa ca kusintha kwa msonkho, ndipo ku Luanshya apolisi anapha anthu 6. Mu March 1940 anchito acizungu anacita sitalaka nalandira zimene anapempha. Akuda a ku Mufulira ndi ku Nkana atacitanso cimodzimodzi, pa 3 April asilikali anawaombera ku Nkana ndipo anthu 17 anafa. Katilungu anali pakati pa anchito a ku Nkana m'masiku amenewo. Zimene zinacitika zinaonetsa kuti mkwiyo wopanda bungwe umathera kumanda, pakuti mutu umodzi susenza denga.

Mu 1947 boma la Britain linatumiza William Comrie wa ku Scotland kudzathandiza anchito akuda kukhazikitsa mabungwe ao. Mu 1948 anchito a ku Nkana anayambitsa bungwe lao nasankha Katilungu kukhala mtsogoleri. Mu 1949 mabungwe a ku Nkana, Mufulira, Nchanga ndi Roan Antelope anaphatikizana kukhala African Mineworkers' Union, ndipo iye anakhala pulezidenti woyamba. Nchito yake yaikulu inali kugwirizanitsa anthu a mitundu ndi zilankhulo zosiyana, amene kale anali kuimiridwa ndi akuluakulu a mitundu m'komboni.

Mayeso anafika mu 1952. Bungwe linapempha kuti pa tsiku lililonse la nchito aonjezerepo masheleni 2 ndi mapeni 8. Makampani atakana, migodi inaima milungu itatu, ndipo ulendo uno sipanakhetsedwe magazi. Kumayambiriro kwa 1953 woweruza nkhaniyo, C. W. Guillebaud, analamula kuti malipiro akwere. Wina anganene kuti iyi ndi nkhani ya ndalama cabe. Koma funsani mai aliyense. Sheleni yoonjezera ndiyo ndiwo za mwana, bulangeti m'nyengo yozizira, sopo, ndi ndalama yotumiza kwa agogo kumudzi. Mu 1955 anchito anaimanso masiku 58 osapeza zimene anafuna, komabe m'caka comweco nchito zina zimene zinali za azungu okha zinayamba kupatsidwa kwa akuda.

Katilungu sanali munthu wokondedwa ndi onse. Mu April 1953, pamene cipani ca African National Congress ca Harry Nkumbula cinapempha anthu kukhala panyumba masiku awiri a mapemphero pokana citaganya ca Rhodesia ndi Nyasaland, anchito a m'migodi ambiri anapita kunchito, ndipo andale anamuimba mlandu iye. Anali kufuna kuti bungwe lisamale za anchito, lisakhale m'thumba la cipani. Mu 1960 anali mu Monckton Commission imene anthu ambiri akuda anaikana, ndipo posakhalitsa anacotsedwa pa mpando wa bungwe. Mu 1961 anagwirizira utsogoleri wa Congress pamene Nkumbula anali m'ndende. Pa 9 November caka comweco anafa pa ngozi ya galimoto ali ndi zaka 47, patatsala zaka zitatu kuti Zambia alandire ufulu. Likulu la Mineworkers Union of Zambia ku Kitwe limachedwa Katilungu House.

Zimene anchito aja anaziona ndi maso, ophunzira anadzazitsimikiza pambuyo pake. Ku London, kafukufuku wa Whitehall amene anayamba mu 1967 anapeza kuti anchito a boma a maudindo apansi anali kufa msanga kuposa mabwana ao. Mu 2008 bungwe la World Health Organization linatulutsa lipoti la gulu lotsogozedwa ndi Michael Marmot, lonena kuti umoyo wa anthu umadalira kwambiri kumene abadwira, kumene akhala ndi nchito imene agwira. Ifenso tili ndi umboni wathu. Ku Mufulira mu September 1970 anthu 89 anafera pansi. Ku Chambishi mu April 2005 anchito oposa 40 anafa pamene fakitale ya zophulitsira miyala inaphulika. Mgodi wa ku Kabwe unatsekedwa mu 1994, koma mtovu umene unatsala m'dothi wakhala ukudwalitsa ana.

Nanga ife kuno ku Chongwe? Tili ndi anyamata opopera mankhwala m'minda opanda cophimba kumphuno, amai ophwanya miyala m'mbali mwa mseu ana ali kumsana, ndi atsikana a nchito za m'nyumba ku Lusaka amene akadwala amangouzidwa kulonga katundu. Lamulo la Employment Code la mu 2019 limakaniza kusunga munthu pa ganyu pamene nchitoyo ndi yokhalitsa, koma lamulo silidziyendetsa lokha. Pafunika anthu ogwirizana amene angalichule pamaso pa bwana mopanda mantha.

Ngati pakhomo panu pali mkulu amene anagwirapo nchito mu mgodi ndipo akubanika kapena kutsokomola kosalekeza, musathamangire kuloza zala. Mutengereni ku cipatala, muuze dotolo nchito imene anali kugwira, ndipo mufunse za kupimidwa mapapo ku Occupational Health and Safety Institute ku Kitwe ndi za cipukuta misozi ca Workers' Compensation Fund. Kucita zimenezi ndiko kulemekeza Katilungu ndi anthu 17 aja a ku Nkana.